Chinjoka chikufa pa raundi yachitatu: nkhondo ya ma elf ndi ma dwarf tiiyendetse bwanji pa tebulo?

Tadala:
Ma DM anzanga (oyendetsa masewero a Dungeons & Dragons), ndithandizeni. Ndili ndi osewera asanu a level 9, kampeni ndi Storm King's Thunder, malamulo a 2014. Apempha gawo limodzi la maola 4 loti asewere ngati makolo akale, aone okha mmene ma elf ndi ma dwarf anagonjetsera zinjoka ndi zimphona ku Faerûn, dera la dziko la Forgotten Realms. Ndakonza bwalo limodzi: ma elf 40 a mauta pa stat block (ndandanda wa manambala a cholengedwa) ya scout, ma dwarf 20 pa ya veteran, mbali inayo chinjoka chofiira cha adult ndi zimphona za moto zitatu. Masamu akukana. Ndikatsata tebulo la magulu la mu DMG (Dungeon Master's Guide, buku la ma DM), chinjoka chikugwa pa raundi yachitatu osewera asanachite kanthu. Ndikachiseweretsa mwanzeru, palibe wotsala. Pakati pake sindikupapeza.

Kondwani:
A Tadala, masamu asanabwere, nkhondo mwajambulayo kulibe m'mbiri ya Forgotten Realms. Ma elf ndi ma dwarf sanaimepo pa bwalo limodzi n'kugwetsa maufumu awiriwo.

Amene anathyola msana wa zimphona ndi zinjoka zomwe. Ostoria, ufumu wa zimphona, ana a mulungu wawo Annam, unalimbana ndi zinjoka zaka pafupifupi 1,000, kuchokera cha m'ma -26,000 DR (zaka za kalendala ya ku Faerûn) kufika cha m'ma -25,000 DR, ndipo pamene nkhondo inkatha ufumuwo unali utafota, watsala kumpoto kokha. Vonindod, chimphona chachitsulo chimene Duke Zalto akusonkhanitsa zidutswa zake mu kampeni yanuyo ndi chida cha nkhondo yomweyo. Ma elf analowa pamene onse awiri anali wefuwefu, ndipo sanalowe ndi mivi. Analuka Dracorage mythal, tsenga lalikulu lokhalitsa, ndi matsenga awo apamwamba, n'kuimangirira ku nyenyezi ya King-Killer. Nyenyeziyo ikaoneka, zinjoka zimapenga: kuphana zokhazokha, kuwononga zimene zamanga, kudya akapolo awo. Sizinathe, ayi, mpaka lero zilipo. Chimene zinataya ndi ufumu, chifukwa mfumu yopenga nthawi ndi nthawi singasunge msonkho, asilikali kapena mgwirizano. Pofika -24,000 DR nyengo ya zinjoka yatha, maufumu a ma elf ayamba kuphuka.

Ma dwarf nkhani yawo ili kutali, kum'mwera, pansi pa Amn, Tethyr ndi Calimshan. Taark Shanat anakhazikitsa Shanatar cha m'ma -10,800 DR, atapha zinjoka zinayi zabuluu, ndipo zigaza zake ndi zimene zili pa mpando wachifumu wa Wyrmskull Throne. Nkhondo ya High Shanatar ndi zimphona za ku Nedeheim ndi ya cha m'ma -5350 DR. Ndiye pakati pa mythal ndi Taark pali zaka zoposa 14,000. Elf amakhala zaka 750, dwarf 350. Palibe agogo amene anaona zonse ziwiri.

Tadala:
Ndiye magawo awiri. Koma ndiwalumikiza ndi chiyani kuti osewera asaone ngati ndi masewero awiri osiyana?

Kondwani:
Mpando uja. Wyrmskull Throne uli kale m'kampeni yanu, kwa Hekaton, mfumu ya zimphona za mkuntho, ku nyumba yake ya Maelstrom, ndipo Iymrith, mdani wamkulu wa kampeniyo, ndi chinjoka chabuluu ngati zinayi zija. Aliyense wokhudza chigaza aone masomphenya. Chigaza choyamba chiwatengere kwa ma elf, chachiwiri kwa ma dwarf. Zoti mpandowo umaonetsa masomphenya ndi zowonjezera zanu, sizili m'buku, koma sizikuphwanya chilichonse.

Mphatso:
Ine ndilowe pa manambala, chifukwa chimene chikukuvutani chili pa mizere iwiri ya stat block.

Scout ali ndi +4 pa uta, amaponya kawiri pa raundi. Chinjoka chofiira cha adult ndi AC 19 (nambala yofunika kuti uchilase), HP 256 (moyo wake). Pafunika 15 pa dayisi. Tebulo la magulu likuti pa 15 kapena 16, pa oponya anayi alionse mmodzi walasa. Mivi 80 ikupatsa 20, uliwonse 6, ndiye 120 pa raundi. Raundi yachitatu chagwa, monga mwaonera. Mukaponya dayisi lenileni n'choipirapo, chifukwa mwayi wake ndi 30 pa 100, mivi 24, kuposa 150 pa raundi.

Koma izi zikutanthauza kuti chinjoka chaima masana pamtunda wa mafiti 150 kudikira kulasidwa. Frightful Presence, mphamvu yake yoopseza, imafika mafiti 120, DC 19 pa save ya Wisdom (nambala yofunika kuti upulumuke). Scout ali ndi +1, afunika 18. Pa 40, opulumuka ndi 6. Ambiri amasokoneza apa: Fey Ancestry ndi ya charm ndi tulo ta matsenga, mantha siikhudza. Amantha 34 aja akuponya ndi disadvantage (madayisi awiri, n'kutenga lochepa), mwayi watsika kuchoka pa 30 kufika pa 9 pa 100. Gulu lonse pamodzi likulasa mivi ngati 10, ndiye 65 pa raundi, osati 150.

Kenako usiku. Elf amaona mumdima mafiti 60, chinjoka 120. Chikabwera usiku chikuwaona chili kunja kwa maso awo, chibangula kuti adziwe kuti chilipo, mantha agwira, ndipo mauta a mafiti 150 aja alibe ntchito. Masana n'zosiyana: uta umafika mafiti 600 ndi disadvantage, chinjoka chikathamanga chimadya mafiti 160 pa raundi, ndiye maraundi atatu a mivi chisanafike, pafupifupi 140 HP yapita. Chinjoka cha Intelligence 16 sichingabwere masana pa chigwa. Kusiyana kwa zotsatira zanu ziwiri kuli pa nthawi ya tsiku basi.

Moto wake ndi cone ya mafiti 60, 63 damage, DC 21. Scout ali ndi HP 16. Ngakhale apambane save alandira 31, wafabe. Musataye nthawi kuponya ma save a ma scout. Tebulo la DMG likuti cone ya 60 imagwira anthu 6, chotsani 6 kapena gulu lonse ngati aunjikana, pitirizani. Kumbukiraninso kuti mantha ali mkati mwa Multiattack pomwe moto ndi action yakeyake. Sizichitika pa turn imodzi.

Chikondi:
Zonsezo n'zoona achimwene, koma mukumuthandiza kukonza nkhondo ya HP, pomwe a Kondwani angonena kuti ma elf sanapambane ndi HP. Chinjoka chikafa ndi mivi, osewera atuluka akukhulupirira bodza, kuti anthu 40 a mauta akanatha kuthetsa nyengo ya zinjoka. Ngati zinali choncho mythal inali ya chiyani?

Gawo la ma elf lisakhale lopha. Likhale lopirira. Osewera akuteteza oluka matsenga mpaka amalize. Ine ndingalikonze chonchi. Miyala itatu pa mapu, yotalikirana mafiti 70 kuti moto umodzi usagwire iwiri. Mwala uliwonse ukufuna zipambano ziwiri za Arcana DC 15, chilichonse ndi action ya munthu woima pamwalapo. Woluka matsenga wa NPC (munthu woyendetsedwa ndi DM) pa mwala uliwonse amapereka chipambano chimodzi pakatha maraundi atatu ngati sanavulazidwe. Akavulazidwa kuwerenga kuyambirenso. Osewera asankha okha: kuteteza NPC, kapena kusiya lupanga n'kugwira mwala. Zikayenda bwino zimatha pa raundi 4 mpaka 6.

Ndipo zinjoka zikhale ziwiri, chachikulu ndi cha young. Chaching'ono chizimvera malamulo a chachikulu, osewera amve mawu ake: iwe pita kumwala wakum'mawa, ine ndigwira wapakati. Mgwirizano umenewo ndi umene mythal ikubwera kudzaswa. Mwala wachitatu ukayaka, nyenyezi ifiira, chachikulu chitembenukira mwana wake. Popanda chinjoka chachiwiri osewera saona chimene apambana.

Tadala:
Adult ndi 18,000 XP (muyeso wa kuvuta kwa mdani), young ndi 5,900. Malire a deadly kwa asanu a level 9 ndi 12,000. Tadutsa kale ndi chimodzi chokha.

Chikondi:
Bajeti ya XP imawerengera nkhondo yomenyana mpaka wina afe. Apa chinjoka chachikulu chikulimbana ndi miyala ndi magulu a mauta, osewera chikuwaona ngati ntchentche mpaka atachipweteka. Lembani dongosolo lake pasadakhale kuti musasinthe mtima pakati: raundi 1 mantha, raundi 2 moto pa gulu la mauta loyandikira, kenako mwala umene uli patsogolo pa kuwerenga. Osewera chiwalunjike pokhapokha wina wachichotsera 40 kapena kuposa pa raundi imodzi. Cholimbana ndi osewera maso ndi maso ndi cha young: AC 18, HP 178, moto wa mafiti 30, 56 damage pa DC 17, chilibe mantha, chilibe legendary action. Chimenecho asanu a level 9 amachikwanitsa.

Mphatso:
Ndiwonjezere ziwiri pamenepo, chifukwa osewera adzayesa kuchigwetsa pansi, sangalephere.

Ukonde umagwira Large kutsika. Cha young ndi Large, chikakodwa speed yake ndi 0, chigwa, 1d6 pa mafiti 10 alionse. Cha adult ndi Huge, ukonde sugwira. Auzeni asanawononge turn.

Earthbind, spell yotsitsa chouluka, imafika mafiti 300, save ya Strength. Cha adult chili ndi +8. Pa DC 17 chimalephera 40 pa 100, ndipo chili ndi Legendary Resistance zitatu (mwayi wosintha save yolephera kukhala yopambana). Kuti chitsike chiyenera kulephera kanayi, ndiye pafupifupi kuponya spell ka 10. Maraundi 6 sakwana, ndipo chinjoka chanzeru sichiwononga Legendary Resistance pa spell yongovulaza. Ngati mukufuna kuti kutsitsa kutheke, mangirirani ku miyala: mwala uliwonse ukayaka, Legendary Resistance imodzi yazima. Ndi lamulo lanu la pa tebulo, linenedwe poyera kumayambiriro. Ubwino wake, wosewera wa spell ali ndi chifukwa chothandizira miyala.

Za mantha: Calm Emotions imatseka mantha mkati mwa mafiti 20, ikwana gulu limodzi la mauta. Heroes' Feast imagwira anthu 12 owonjezera koma ndi spell ya level 6, osewera anu sanafikepo. Wopambana save ya mantha amakhala womasuka maola 24, ndiye raundi iliyonse oponya bwino akuwonjezeka pang'ono. Njira yachidule: magulu 8 a anthu 5, dayisi limodzi pa gulu, osati 40.

Yamikani:
Chenjezo limodzi pa mathero a gawolo. Mythal ikayaka, ngozi siichepa, ikukwera. Chinjoka chopenga sichisiya ma elf kuti chikamenye chinzake chokha, chimapha chilichonse chili pafupi. Mu 1373 DR wamatsenga Sammaster atasokoneza mythal yomweyi, misala sinkatha ndipo mizinda inapsa. Ndiye siyani maraundi awiri omaliza othawira. Pakhale khomo la pansi kapena mng'alu wa thanthwe pamtunda wa mafiti 60 mpaka 70 kuchoka pa mwala uliwonse, kuti afunike Dash, ndipo wonyamula mnzake wovulala aone kuwawa kwake. Chinjoka chizisankha womenya ndi dayisi pakati pa zamoyo zitatu zoyandikira. Cone siidutsa total cover, ndiye wolowa mng'alu wapulumuka. Wobisala kuseri kwa mwala wamba ali ndi +2 kapena +5 pa Dexterity save basi.

Tadala:
Gawo la ma elf lamveka. La ma dwarf nditenge Taark ndi zinjoka zinayi, kapena zimphona?

Kondwani:
Zimphona. Chinjoka achiona kale m'gawo loyamba, ndipo kampeni yanu ndi ya zimphona. Zinjoka zinayi zabuluu za adult ndi 60,000 XP musanachulukitse, sizingaseweredwe pa level 9. Taark atchulidwe ndi wansembe wa Dumathoin nkhondo isanayambe, zakwana.

Mphatso:
Pa zimphona nkhani yonse ndi malo. Pabwalo dwarf alibe chake. Amayenda mafiti 25, chimphona cha moto 30, cha chisanu ndi cha kuphiri 40. Sangachipeze, sangachithawe. Mwala wa chimphona cha moto ndi +11, 29 damage, mafiti 60/240. Veteran ali ndi HP 58, miyala iwiri wagona. Heavy crossbow imafika 100/400, ndiye pakati pa mafiti 60 ndi 100 dwarf amaponya bwino pomwe chimphona chili ndi disadvantage, koma mpata umenewo chimautseka ndi Dash imodzi. Mupeza raundi imodzi yokha.

Pansi pa nthaka zonse zitembenuka. Chimphona ndi Huge, chimadya mafiti 15 kwa 15. Lamulo la squeezing likuti cholengedwa chimadzipanikiza m'malo okwana chocheperako ndi saizi imodzi. Mpita wa mafiti 10 chilowa, wa mafiti 5 sichilowa n'komwe. Chikalowa wa 10: fiti iliyonse ikudya awiri, ndiye 30 yasanduka 15; kumenya kwake ndi Dexterity save zili ndi disadvantage; ochimenya ali ndi advantage (madayisi awiri, n'kutenga lalikulu).

Manambala ake. Dwarf wa plate ndi chishango, AC 20. Chimphona pa +11 chimamupeza 60 pa 100, chikapanikizika 36. Crossbow ya veteran pa +3 kulimbana ndi AC 18 ndi 30 pa 100, ndi advantage 51. Muvi uliwonse pafupifupi 6, HP ndi 162, ndiye pafunika mivi ngati 50. Oponya 12 achigwetsa pa maraundi 4 kapena 5. Ballista ndi +6, 3d10, ndi advantage imalasa pafupifupi 70 pa 100, koma imafuna ma action atatu: kuika muvi, kulunjika, kuponya. Anthu atatu pa ballista imodzi ndiye iponya raundi iliyonse. Mukaika mmodzi iponya kamodzi pa maraundi atatu, ndipo apa ndi pamene ambiri amadabwa kuti chida chawo chachikulu chilibe phindu.

Cholakwika chofala: kuika oponya onse kumbuyo kwa a zishango mu mpita womwewo. M'lifupi mwa mafiti 10 mumaima awiri okha, ndipo woponya modutsa mnzake wapatsa chimphona half cover, AC 20. Jambulani mipita iwiri ya mafiti 5 m'mbali mwa waukuluwo, yokhala ndi timazenera toponyera. Woponyera pa kazenera ali ndi three-quarters cover, +5.

Yamikani:
Mdima nawonso ndi wa ma dwarf. Zimphona za moto, za chisanu ndi za kuphiri zilibe darkvision. Muuni umawala mafiti 20 owala ndi 20 achizimezime, ndiye dwarf aime pakati pa 40 ndi 60.

Mphatso:
Sayenera kuima mkati mwa 60, a Yamikani. Chimphona chonyamula muuni chili poyera, aliyense wa mumdima akuchiona ngakhale ali mafiti 100. Darkvision ikufunika muuni ukazima. Komanso advantage siiwunjikana: ya mdima ndi ya kupanikizika ndi imodzi yomweyo. Phindu la mdima lili panja pa mpita wopanikizawo, m'holo yaikulu. Ndipo pa zimphona za miyala njirayi siigwira, zili ndi darkvision ya 60, ndipo mwala wawo umagwetsa pansi pa DC 17 ya Strength.

Chikondi:
Funso limene wosewera wochenjera adzafunse: chimphona cha moto chilowerenji mu mpita? Chili ndi Intelligence 10, ndi msilikali wophunzitsidwa, moto suchiwotcha. Chingasonkhe moto pakhomo n'kuwafukiza ma dwarf ngati mbewa ku una. Mukachilowetsa popanda chifukwa, chipambano chonse chikhala cha mphatso.

Nyambo muitenge pa ordning, dongosolo la maudindo a zimphona. Mtundu uliwonse umayeza ulemu ndi chinthu chake. Cha kuphiri ndi kudya, chilowa chifukwa cha nkhokwe ya chakudya, ndipo pa Intelligence 5 sichifunsa. Cha chisanu ndi mphamvu, chikanyozedwa pamaso pa anzake sichingabwerere. Cha moto ndi luso losula. Chiuzeni kuti m'katimo muli adamantine kapena chosula cha mmisiri wa ma dwarf, chimene utsi ndi kugumuka kwa denga zingachiwononge kapena kuchikwirira, ndipo mnzake wofuna udindo womwewo akhoza kuyamba kufika. Pamenepo chilowa chokha, ndipo chilowa chimodzichimodzi chifukwa sichifuna kugawana. Ordning yomweyo ndi imene ikufotokoza chifukwa chake zimphona za chisanu sizibwera kudzathandiza.

Ntchito ya osewera ikhale itatu imeneyi: kukapereka nyambo panja, kuthawa mafiti 80 a pabwalo miyala ikugwa, ndi kutseka kumbuyo chimphona choyamba chikalowa. Potseka tengani msampha wa denga logumuka wa mu DMG, 4d10 pa DC 15 ya Dexterity. Chimphona chili ndi +3 ndi disadvantage. Zimphona zitatu pamodzi ndi 30,000 XP mukachulukitsa kawiri, koma chimodzi ndi 5,000. Ziwiri zotsala panja zizikumba, zipatseni maraundi 5. Choyamba chikapanda kugwa pofika pamenepo, ma dwarf abwerere ku mpita wachiwiri.

Kondwani:
Osewera akale adzafunsa za +4. M'malamulo akale a 3.5 dwarf anali ndi +4 pa AC kulimbana ndi zimphona, mu AD&D zimphona zinkachotsa 4 pomenya dwarf. Mu 5e, malamulo amene mukugwiritsa ntchitowa, kulibe.

Mphatso:
Ndipo musaibwezere pamwamba pa squeezing. AC 24 ndi disadvantage, chimphona chikumenya 16 pa 100 yokha, mantha onse atha. Ngati mukuifuna chifukwa cha kakomedwe ka mbiri, igwire panja pokha, pa kuthawa kwa mafiti 80 kuja.

China, popeza Iymrith akubwera kutsogolo: osewera asatenge phunziro lakuti mpita ndi mankhwala a chilichonse. Mphezi ya chinjoka chabuluu cha adult ndi mzere wa mafiti 90, m'lifupi 5, 66 damage. Mpita wowongoka umene umapha chimphona ndi womwewo umene ungaphe ma dwarf onse pa mpweya umodzi. Pa mapu anu mipita ya m'mbali izikhota pa mafiti 20 kapena 30 alionse, ndipo dwarf wina anene chifukwa chake. Chinjokacho chimakumba mafiti 30 koma mu mchenga ndi dothi, osati thanthwe lolimba.

Tadala:
Nthawi ikwana? Maola 4 ndi mphindi 240.

Yamikani:
Werengerani mphindi 10 pa raundi ngati magulu akuponya dayisi limodzilimodzi. Ma elf maraundi 8, mphindi 80. Ma dwarf maraundi 7 ndi nthawi ya nyambo pamwamba pake, mphindi 85. Mphindi 20 zoyambira pa mpando, 15 zopuma pakati, 20 zobwerera ku Maelstrom. Zatsala 20 za mikangano ya malamulo, ndipo idzakhalapo. Ma character sheet a makolowo akonzeni nokha, awiri pa wosewera aliyense, spell zisapitirire 6 pa sheet, muwatumizire masiku angapo lisanafike tsikulo. Pa mapulogalamu osewerera pa intaneti, Roll20 kapena Foundry, ikani token imodzi pa gulu la anthu asanu, HP yake ikhale chiwerengero cha amoyo.

Mutsimikizenso kuti onse ali pa buku la 2014. M'buku la 2024 dwarf amayenda mafiti 30 ndipo amaona mumdima mafiti 120, ndiye kuthawa kwa pabwalo kufupika ndi mpata wa mdima usintha. Wina akabwera ndi sheet ya 2024, talikitsani bwalolo kufika mafiti 100.

Tadala:
Ndatenga miyala itatu, zinjoka ziwiri, Legendary Resistance yomangirira ku miyala, ndi nyambo ya adamantine. A Mphatso, maraundi 5 okumba aja ndiwasiye choncho ngati ndaika ballista imodzi ndi oponya 9 m'malo mwa 12?

Mphatso:
Oponya 9 akupatsa pafupifupi 30 pa raundi, ballista 11 kapena 12, pamodzi 41. Onjezani 22 ya denga. Popanda osewera chigwa pa raundi 4. Osewera asanu a level 9 okhala ndi advantage awonjezera zoposa pamenepo, ndiye chigwa pa raundi 2. Chepetsani: oponya 4, ballista imodzi, kukumba maraundi 3, ndipo chimphona chachiwiri chikaboola chipeze ballista itayang'ana kolakwika, pafunike action ya anthu awiri kuitembenuza.